Kodi giza ya sola imabweza ndalama zake? Zomwe taona kwathu ku Chigumula

Kutenthetsa malita 150 a madzi kuti achoke pa kuzizira kwa pampope, tinene madigiri 20, mpaka afike madigiri 60, kumadya mayuniti a magetsi pafupifupi 7. Nambala imeneyi sisintha, kaya giza yanu ndi yodula kaya yotchipa, kaya munaigula ku Limbe kaya inachita kubwera pa thiraki kuchokera ku Johannesburg. Ndi mmene madzi alili basi. Elementi (kachitsulo kotenthetsa madzi ndi magetsi) ya giza ya malita 150 kawirikawiri imakhala ya 3 kW, ndiye kuti imayaka maola awiri ndi mphindi 20 kuti imalize ntchitoyo. Pamwamba pa apo, thanki imataya kutentha ikangokhala, thermostat (kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi) n'kuyatsanso elementi kuti ibwezeretse, ndipo kumeneko kumapita yuniti ina imodzi kapena ziwiri patsiku ngakhale tsikulo pasapezeke wosamba. Aliyense amene akuganiza zokweza giza ya sola pa denga ayambire pa nambala zimenezi asanakaonane ndi wogulitsa. Wogulitsa adzakuuzani za dzuwa, ndipo dzuwa kuno kwathu ndiye silisowa. Zomwe zimagamula nkhaniyi ndi zina: madzi otentha mumagwiritsa ntchito ochuluka bwanji, mumasamba nthawi yanji, madzi a pampope amabwera motani kwanuko, ndiponso denga lanu lingasenze chiyani.

Ine ndimakhala ku Chigumula, kumtunda kwa Limbe mukamalowera msewu wa ku Thyolo, m'nyumba yomwe tinamanga pang'onopang'ono ndi bambo a kunyumba. Pakhomo pathu ndi podzaza: ife awiri, ana athu, mwana wa achemwali anga amene akuphunzira kuno, ndi apongozi anga, omwe tonse timangowaitana kuti Agogo. Agogo madzi ozizira sangawakhudze. Mawondo ndi msana zimawavuta, ndipo akasamba madzi osafunda bwino usiku wonse sagona. Choncho kwathu madzi otentha amafunika tsiku lililonse, kuzizire kusazizire.

Poyamba tinali ndi giza yamagetsi ya m'siling'i. Mita yathu ndi yogulira mayuniti, ndipo ili ndi kanyali kofiira komwe kamaphethira malinga ndi magetsi omwe akudyedwa. Pakakhala kuti zayaka ndi mababu, TV ndi firiji zokha, kanyaliko kamaphethira modekha, munthu n'kumawerenga pakati pake. Giza ikangoyaka kankayamba kuthamanga, mpaka mwana wamng'ono anazolowera kumandikuwira ali pakhonde: "Amayi, giza yayaka!" Kanyali kameneko ndi komwe kanandionetsa komwe mayuniti ankapita. Babu la LED la 9 W liyenera kuyaka maola oposa 700 kuti lidye magetsi omwe giza imadya potenthetsa thanki kamodzi kokha. M'nyumba zambiri anthu amakalipirana za babu la kubafa lomwe wina waiwala kuzimitsa, chikhalirecho wakudya mayuniti weniweni ali phee pamwamba pa siling'i.

Anthu ambiri akamva "sola" amaganiza za mapanelo abuluu aja, mabatire ndi inverter. Giza ya sola ndi chinthu china. Sipanga magetsi. Imangogwira kutentha kwa dzuwa n'kukupereka ku madzi. Yathu ndi ya machubu agalasi, mtundu womwe wachuluka m'mashopu ndipo wambiri umachokera ku China. Chubu chilichonse ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, pakati pake atachotsapo mpweya wonse, monga mmene ilili fulasiki ya tiyi. Galasi la mkati ndi lopakidwa zakuda zomwe zimamwa dzuwa, ndipo popeza pakatipo palibe mpweya, kutentha kukalowa sikutulukanso msanga. Masana mutakhudza chubucho kunja mupeza chikungofunda pang'ono, pomwe madzi a mkati mwake angakuwauleni. Madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha kupita ku thanki yomwe yagona pamwamba pa machubuwo, ozizira n'kutsika kudzatenga malo awo. Amazungulira choncho tsiku lonse popanda pampu, popanda batire, popanda chingwe. Kusowa kwa zinthu zoyendayenda kumeneku ndi komwe kumapangitsa kuti isamaonongeke pafupipafupi.

Wina anandifunsapo kuti bwanji osangoika mapanelo amagetsi kuti aziyatsa giza yakale ija. Zimatheka, koma panelo yamagetsi imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi, pamene machubu amagwira pafupifupi theka lake ngati kutentha. Dzuwa la kuno ku Malawi, tikatengera chaka chonse, limagwetsa mphamvu yofanana ndi mayuniti 5 mpaka 6 patsiku pa sikweya mita iliyonse. Ndiye machubu otenga malo a masikweya mita awiri kapena atatu amakwanitsa mayuniti 7 aja tsiku la dzuwa labwino. Ogulitsa amawerengera chubu chimodzi pa malita 10 alionse: machubu 15 pa thanki ya malita 150, machubu 20 pa ya malita 200. Wina akakupatsani thanki yaikulu ya machubu ochepa, dziwani kuti madzi azingofunda.

Tsopano nkhani ya ndalama. Ine ndinasiya kuwerengera zinthu zotere mu makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo popeza giza zimenezi ndi zochokera kunja, mtengo womwe ndingakuuzeni lero mwezi wamawa ukhala bodza. Mtengo wa yuniti nawo umasintha bungwe la MERA likavomereza mitengo yatsopano. Chomwe sichisintha ndi kuchuluka kwa mayuniti omwe madzi amafuna. Choncho werengani motere. Banja lomwe limamaliza thanki ya malita 150 tsiku lililonse limataya mayuniti 8 kapena 9 patsiku pa madzi otentha okha. Musayerekeze kuti dzuwa lichotsa onsewo. Tinene kuti likupulumutsirani mayuniti 5 patsiku, kwa masiku 300 pachaka, masiku otsalawo tawasiyira mitambo ndi mvula. Amenewo ndi mayuniti 1,500 pachaka. Tengani lisiti lanu lomaliza la mayuniti, gawani ndalama yomwe munalipira ndi mayuniti omwe munalandira kuti mupeze mtengo weniweni wa yuniti imodzi, msonkho uli momwemo, kenako chulukitsani ndi 1,500. Imeneyo ndi ndalama yomwe giza ikubwezereni pachaka. Mukatenga mtengo wonse wa giza n'kugawa ndi ndalama imeneyo, mupeza zaka zomwe zidutse kuti ibweze zake.

Ndikati mtengo wonse ndikutanthauza wonsedi: giza yeniyeniyo, thiransipoti, mapaipi a madzi otentha, mavalavu, pulambala, kalipentala wolimbitsa denga, ndi wamagetsi wolumikiza elementi. Zowonjezerazi anthu amaziiwala, ndipo zimatha kukweza mtengo kwambiri. Maganizo anga ndi akuti yankho likatuluka zaka zisanu kapena kucheperapo, gulani osazengereza, chifukwa thanki yosamalidwa bwino imakhala zaka khumi kapena kuposa, machubu n'kupitirira apo. Likatuluka zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, ndalamayo ili ndi ntchito ina yabwino kuposa imeneyi. Ndipo ngati mukuganiza zotenga ngongole, werengani kawiri. Mu 2024 Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongola dzanja chomwe imabwereketsera mabanki, kufika 26 peresenti, ndipo ngongole za kubanki zimakhala pamwamba pa apo. Chiwongola dzanja chotere chimatha kumeza zonse zomwe dzuwa likukupulumutsirani. Za katapila ndiye musaziganizire n'komwe. Ife tinachita kusonkhanitsa, mbali ina kuchokera ku banki m'khonde komwe ndimasunga, ndipo tinaika kutatsala miyezi ingapo kuti namondwe wa Ana afike mu Januwale 2022.

Kwathu inabweza ndalama zake, ndipo sindikukayika. Koma inabweza chifukwa ndife ambiri komanso chifukwa tinasintha kasambidwe, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amataya phindu lonse osadziwa.

Giza zambiri za sola zimabwera ndi elementi yamagetsi yothandizira masiku a mitambo. Wamagetsi akailumikiza n'kuisiya choyaka nthawi zonse, onani zomwe zimachitika. Banja lasamba m'mawa, 5 koloko mpaka 7 koloko, thanki yadzaza madzi ozizira. Thermostat yaona kuti madzi azizira, yayatsa elementi. Pofika 9 koloko madzi atentha kale ndi magetsi. Dzuwa likamakwera likupeza ntchito yagwiridwa kale, lilibe choti lichite. Mwezi ukatha mwini nyumba akuona kuti mayuniti sanatsike, n'kumauza anzake kuti sola ndi yabodza. Ndamvapo madandaulo amenewa kwa anthu angapo, ndipo ndikawafunsa kuti swichi ya elementi ili pati, ena sadziwa n'komwe kuti ilipo. Yathu ili pakhoma la kukhitchini, pomwe ndimaiona, ndipo imakhala yozimitsa. Ena amaika timer, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yomwe mwatchera, kuti elementi iziyaka ola limodzi madzulo okha ngati madzi sanafike pomwe akufunika. Zonse ndi zabwino, bola dzuwa lizipatsidwa mpata woyamba.

Madzi a sola amatentha kwambiri chakumasana mpaka madzulo, ndiye ife tinasuntha kusamba kwa anthu ambiri kupita madzulo. Agogo ndiwo amayamba, cha m'ma 4 koloko dzuwa lisanapendeke kwambiri. Ana amasamba akabwera kusukulu n'kumaliza kusewera. Ine ndi bambo awo, omwe timalawirira kuntchito, timasamba m'mawa madzi omwe agona m'thanki. Thanki ndi yokutidwa bwino, usiku umodzi imangotaya madigiri ochepa, koma muyenera kudziwa kuti madzi alionse otentha omwe atuluka madzulo amalowedwa m'malo ndi ozizira, ndiye a m'mawa amakhala ofunda bwino, osati otentha kwambiri. Ana poyamba ananyinyirika, poti anazolowera kusamba m'mawa popita kusukulu. Agogo ndi omwe anathetsa nkhaniyo. "Kwathu munthu amasamba akaweruka kumunda," anatero. "Mukufuna mugone ndi fumbi la ku mpira pa zofunda za amayi anu?" M'mawa anawo amangosukusula ndi kutsuka m'khwapa ndi madzi a m'beseni. Banja lomwe silingasinthe, lomwe onse ayenera kulowa m'shawa m'bandakucha, ligule thanki yokulirapo kuposa yomwe likuganiza, apo ayi lizidalirabe magetsi.

Ndinene za chiperoni, chifukwa ife a kuno kumapiri a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje timachidziwa. Mu Juni ndi Julayi kumabwera masiku a mitambo yotsika, kamvula kowaza ndi kamphepo kolowa m'mafupa, nthawi zina masiku angapo otsatizana dzuwa osaoneka. Imeneyi ndi nthawi yomwe madzi otentha amafunika kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ndi nthawi yomwe giza ya sola imafooka. Machubu amagwirabe kuwala kodutsa m'mitambo, madzi amafunda, koma sangakwanire Agogo. Masiku amenewo ndimayatsa elementi madzulo kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo sindidandaula nazo. Pali chifukwa china choyatsira: madzi ongofunda akakhalitsa m'thanki amatha kuswa tizilombo totchedwa Legionella, tomwe timayambitsa chibayo choopsa, ndipo timafa madzi akafika madigiri 60. Ndiye pa chiperoni chotalika ndi bwino kuti thanki itenthe mokwanira nthawi ndi nthawi. Anzathu a ku Salima, Mangochi, Chikwawa kapena Karonga vuto limeneli salidziwa kwenikweni, koma iwonso madzi otentha sawafuna kwambiri. A ku Dedza, Mzuzu ndi ife kuno ndi omwe timawafunitsitsa, ndipo ndife omwe tiyenera kusamala kwambiri ndi komwe giza yayang'ana.

Tsiku loika, bambo a kunyumba ankafuna giza ikhale kuseri kwa nyumba kuti isamaonekere kumsewu. Pulambala amene tinapeza, bambo wachikulire ndithu, anazungulira nyumba yonse kaye asanatsitse chilichonse pa galimoto. Kenako anati, "Bwana, denga la kuseriku layang'ana kummwera. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto uko, motsika. Mukaiika apa, mwezi womwe mukuifunitsitsa ikhala pamthunzi wa nyumba yanu yomwe." Ankanena zoona. Ife tili kummwera kwa equator, Blantyre ili pa madigiri pafupifupi 16, ndiye nyengo yozizira dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pomwe mu Disembala limadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Giza iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendekeka madigiri 25 kapena 30 kuti ikomere miyezi yozizira. Pulambala uja anaonanso mtengo wathu wa mapeyala. Anaima pakona ya nyumba, n'kuloza ndi dzanja njira yomwe dzuwa limadutsa, n'kunena kuti nthambi ziwiri za kumpoto chakum'mawa ziziphimba machubu mpaka cha m'ma 10 koloko. Tinadula nthambi ziwirizo, mtengo tinausiya. Kenako anakwera m'siling'i ndi tochi. Madzi malita 150 ndi makilogalamu 150. Mukaphatikiza thanki, machubu odzaza madzi ndi chitsulo chogwirizira, katundu yense amapitirira makilogalamu 200, atakhala malo amodzi, usana ndi usiku, zaka ndi zaka. Matabwa a denga la nyumba zathu zambiri anawerengeredwa malata okha. Anatiuza kuti tiitane kalipentala awonjezere matabwa ndipo kulemerako kutsamire pa khoma la mkati. Munthu amene angabwere n'kungokwera pa denga ndi dirilo osayang'ana zonsezi, mubwezeni. Denga likakhala lofooka, kuli bwino kuimika giza pa nsanja yachitsulo pambali pa nyumba.

Chomwe chimapha giza zambiri za sola kuno kwathu ndi madzi. Za machubu zilipo za mitundu iwiri. Yotchipa ndi ya pulesha yochepa: madzi amalowa m'machubu mwenimwenimo, thanki ili ndi kapaipi kopumira pamwamba, ndipo madzi amatsikira kubafa ndi kulemera kwawo kokha. Yodula ndi ya pulesha yambiri: m'chubu chilichonse muli kapaipi kakopa kotseka komwe kamanyamula kutentha kupita ku thanki, madzi salowa m'galasi, ndipo thanki imalandira pulesha yonse ya pampope. Yathu ndi yoyambayo. Shawa yake ndi yofatsa, ndipo mukafuna kusakaniza ndi madzi ozizira a pampope omwe akubwera mwamphamvu, ozizirawo amagonjetsa otentha, n'kumavutika kupeza pakati. Ife tinakonza potengera madzi ozizira a kubafa ku thanki yathu yosungira madzi, kuti mbali zonse ziwiri zizibwera ndi mphamvu yofanana.

Vuto lalikulu la mtundu wotchipawu limabwera madzi a pampope akasiya. Anthu amapitiriza kutunga otentha mpaka thanki yauma, machubu n'kutsala opanda madzi padzuwa. Chubu chopanda madzi chimatentha mkati kupitirira madigiri 150. Ndiye madzi abwere masana, ozizira, alowe m'galasi lotentha choncho: limasweka nthawi yomweyo. Zinawachitikira aneba athu. Madzi anabwera cha m'ma 1 koloko, tinangomva kuthetheka pa denga lawo, kenako madzi akuyenderera pa malata. Pa mtundu umenewu chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira pomwepo. Ubwino wake ndi wakuti mutha kugula chubu chimodzi chokha ndipo kusintha sikuvuta, bola mufunse musanagule ngati shopuyo imasunga machubu a saizi yomweyo. Lamulo la kwathu ndi lakuti madzi akasiya, valavu yolowetsa madzi ku giza imatsekedwa, ndipo imatsegulidwa usiku kapena m'mamawa machubu atazizira. Ngati kwanuko madzi amasiyasiya ndipo mulibe thanki yosungira, yambani mwagula thanki yosungirayo, giza ibwere pambuyo, kapena limbani mtima mugule ya pulesha yambiri, yomwe chubu chikasweka madzi satayika.

Amene amamwa madzi a pamjigo ayang'ane m'ketulo yawo. Ngati pansi pake pamachita zoyera zolimba, zomwezo zidzaunjikana m'machubu ndi pa elementi, kutentha n'kumachepa chaka ndi chaka. Zimafuna kutsukidwa nthawi ndi nthawi. M'mathanki ambiri mumakhalanso kandodo ka magnesium komwe kamadyeka m'malo mwa thanki kuti isachite dzimbiri. Kamatha, ndipo kamafunika kusintha pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri malinga ndi madzi anu. Ndi kotchipa poyerekeza ndi thanki yomwe kakuteteza, koma ogulitsa ambiri sakatchula.

Mu Okutobala vuto limatembenuka. Madzi amatentha mopitirira, mpaka kuwira. Masana ena ndimamva kapaipi kopumira kakulavula nthunzi pa denga. Madzi a madigiri 60 amawaula khungu pa masekondi ochepa, ndiye taganizirani a 80 kapena 90, m'nyumba momwe muli mwana wamng'ono ndi munthu wokalamba amene sangadumphe msanga. Pa chifukwa chimenechi tinaikitsa valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira asanafike kubafa, ndipo ndikupempha aliyense wa ana kapena okalamba kuti asaione ngati yongowonjezera mtengo. Mapaipi nawo akhale opirira madzi otentha. Apulasitiki wamba a madzi ozizira amafewa n'kuphulika. Tikamachoka pakhomo masiku angapo nyengo yotentha, timaphimba machubu ena ndi chinsalu chokhuthala. Matalala ang'onoang'ono machubu amapirira. Chomwe ndimaopa ndi miyala ya ana ogenda mapeyala.

Pali phindu lina lomwe masamu aja sakulionetsa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo siteshoniyo inayambiranso kugwira ntchito mu 2023. Aliyense akukumbukira kuthimathima kwa miyezi imeneyo. Okhala ndi giza zamagetsi anabwerera ku mbaula, kuphitsa madzi mumphika m'bandakucha. Kwathu Agogo ankasamba madzi awo otentha nthawi yawo yomweyo, magetsi alipo kaya palibe. Sindidziwa kuti chimenecho ndingachiike pa makwacha angati, koma kwa ine chinali chachikulu. Ndipo giza iliyonse ya 3 kW yomwe siikuyaka m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe dziko lonse likulimbirana magetsi, ikupepukitsa katundu pa mawaya omwe tonse timadalira.

Mayiko ena anafika pokhazikitsa lamulo. Ku Israel kuyambira 1980 nyumba zambiri zatsopano zimayenera kukhala ndi giza ya sola, ndipo lero madenga ambiri kumeneko ali nazo. Ku Zimbabwe mu 2019 anatulutsa malamulo oletsa kuika giza zatsopano zamagetsi zopanda sola. Ku Kenya anayesa mu 2012, koma nyumba ya malamulo inawathetsa mu 2018. Ine sindingakonde kuti kuno tikakamize mabanja, poti ambiri mwa ife ngakhale mpope wa m'nyumba tilibe. Koma malo ogona alendo, zipatala ndi sukulu zogonera konko, komwe madzi otentha amafunika ambiri tsiku lililonse, kumeneko masamu aja amatuluka bwino kuposa kunyumba ina iliyonse.

Nanga amene alibe giza yamagetsi, amene amaphitsa madzi pa mbaula? Iwo awerengere m'matumba a makala. Kwa mwezi umodzi, patulani makala a madzi osamba pa makala ophikira, muone kuti ndi angati. Banja lalikulu lidzadabwa. Ndikayang'ana phiri la Ndirande kapena la Soche mmene linayerera, ndimafuna kuti mphika uliwonse wa madzi osamba uchoke pa makala. Komabe ndinene chilungamo: munthu wosamba m'ndowa amagwiritsa ntchito madzi otentha ochepa kwambiri, mwina malita 5 osakaniza ndi ozizira, pomwe wa shawa amatha malita 30 kapena 40. Banja la ndowa silifuna thanki ya malita 200. Ya malita 100 yoimika pansi pabwalo, ya mpope umodzi wotungira m'ndowa, ingakwanire ndipo siifuna kulimbitsa denga kapena kuboola makoma. Achemwali anga ku Lilongwe amakhala awiri okha ndi amuna awo, giza yamagetsi amaiyatsa kanthawi kochepa m'mawa n'kuzimitsa. Atandifunsa ndinawauza kuti, "Achemwali, inu dikirani kaye. Ikani timer, kutirani mapaipi, ndalamayo muikire pa thanki ya madzi." Kwa iwo masamu aja ankatuluka zaka zambirimbiri.

Nyumba ya lendi ili ndi vuto lake: wogula giza ndi mwini nyumba, wopulumutsa mayuniti ndi wokhalamo. Mwini nyumba angabweze ndalama yake pokhapokha atakweza lendi pang'ono, ndipo ayenera kukhala pansi ndi wokhalamoyo n'kumufotokozera za swichi ya elementi ndi valavu yotseka madzi akasiya, apo ayi azingosintha machubu.

Amene ali ndi mwayi kuposa tonse ndi amene akumanga panopa. Ngakhale mulibe ndalama ya giza chaka chino, uzani kalipentala asanakhome malata kuti mbali ya kumpoto idzasenza makilogalamu oposa 200, aike matabwa oyenera pamwamba pa khoma. Uzani pulambala aikiretu mapaipi a madzi otentha m'makoma pulasitala asanalowe, n'kuwatulutsira pa denga atawatseka kumapeto. Ndipo pojambula pulani, bafa ndi khitchini zikhale moyandikana, pansi pa pomwe giza idzakhale. Paipi ya mamilimita 22 yotalika mamita 15 imasunga malita pafupifupi 5, omwe amazizirira m'njira, ndipo munthu aliyense akatsegula shawa ayenera kuwataya kaye otentha asanafike. Kwathu bafa la ana lili kutali ndi giza, ndiye timaika ndowa pansi pa shawa kuti madzi oyambawo tikathirire ndiwo zamasamba kuseri.